Mai Eleanor Roosevelt: mkazi wa Bwanamkubwa amene anaphunzira kuvundukula miphika

Akuluakulu amene anaona nthawi ya atsamunda akumbukira bwino dzina loti Bwanamkubwa, munthu amene anali kukhala ku Lusaka m'nyumba imene lero ticha State House. Wotsiriza wao anali Sir Evelyn Hone amene anatula udindo mu 1964. Ena ambiri akumbukira magavanala a m'maboma a nthawi ya UNIP. Koma tikafunsa kuti kodi akazi a anthu amenewa anali ndani ndipo anacita ciani, bwalo lonse lingakhale cete. Mkazi wa wolamulira alibe ofesi, alibe malipiro, ndipo palibe amene anamuvotera. Cimene anthu ayembekeza kwa iye ndi kuvala bwino, kulandira alendo ndi kuima pambali pa mwamuna wake pojambulidwa cithunzi.

Lero tikambako za mai mmodzi wa ku America amene anakhala pa malo otere kwa zaka 4, kuyambira 1929 mpaka 1932, pamene amuna ao anali Bwanamkubwa wa cigawo ca New York. Dzina lao ndi Mai Eleanor Roosevelt. Dziko liwadziwa kwambiri cifukwa ca zimene anacita pambuyo pake, amuna ao atakhala Pulezidenti, ndiponso cifukwa ca nchito yao ku bungwe la United Nations. Koma ife tiona kuti sukulu yao yeniyeni inali zaka 4 zija, ndipo phunziro limene anatolako ndi lapafupi kumva. Ukafika pa cipatala kapena pa ndende usakhutire ndi pepala limene mkulu wa pamalopo akupatsa. Pita kukhichini ukavundukule mphika.

Dziko la America ndi logawidwa m'zigawo, ndipo cigawo ciriconse ciri ndi Bwanamkubwa wosankhidwa ndi anthu, nyumba yake ya malamulo, ndende zake ndi zipatala zake. Cigawo ca New York si mzinda waukulu uja wokha ai. Kumbuyo kwa mzindawo kuli minda, mafamu a ng'ombe za mkaka ndi a maapozi, ndipo likulu la cigawoco ndi Albany, pamtunda wa makilomita pafupifupi 240 kukwera ndi mtsinje wa Hudson. Mu 1930 cigawoco cinali ndi anthu oposa 12 miliyoni, kuposa cina ciriconse m'dzikomo pa nthawiyo.

Mwana wamasiye m'nyumba ya cuma

Anna Eleanor Roosevelt anabadwa pa 11 Okutobala 1884 mu mzinda wa New York, m'banja la anthu acuma ndi ochuka. Atate ake, a Elliott Roosevelt, anali mng'ono wa a Theodore Roosevelt amene anadzakhala Pulezidenti wa America kuyambira 1901 mpaka 1909. Koma cuma sicinaletse maliro kulowa m'nyumba. Amai ake, a Anna Hall, anamwalira mu 1892 ndi matenda a pakhosi ochedwa diphtheria. Caka cotsatira mlongo wake wamng'ono anatsatira. Mu 1894 atate ake, amene mowa unawagwira kwa zaka zambiri, naonso anamwalira. Mtsikanayo asanakwanitse zaka 10 anali wamasiye wa konsekonse, ndipo iye ndi mlongo wake wotsala analeredwa ndi ambuya ao, a Mary Hall, ku Tivoli m'mbali mwa mtsinje wa Hudson. Ambuyawo anali munthu wa mwambo wolimba ndi wa chalichi ca Episcopal, cimene ndi m'bale wa chalichi ca Anglican cimene tidziwa kuno. Eleanor anakhala wa chalichi cimeneci mpaka imfa yake.

Anali mwana wamanyazi ndi wamantha. Amai ake, amene anali kudziwika ndi kukongola, anali kumuona ngati mwana wosaoneka bwino, mpaka anamupatsa dzina lomuseka lotanthauza ambuya cifukwa ca nkhope yake yosaseka. Tichula izi kuti inu amene mulera ana amasiye mudziwe kuti mwana wokhala phee pangodya si ndiye kuti alibe kanthu m'mutu.

Mu 1899 ambuya ake anamutumiza ku sukulu ya atsikana ya Allenswood pafupi ndi London. Mphunzitsi wamkulu, Mai Marie Souvestre wa ku France, anaona mwa iye zimene a kwao sanaone. Anali kumutenga pa maulendo ndi kumusiyira nchito yogula matikiti ndi kufunsa njira, ndipo m'kalasi sanali kufuna mwana wobwereza mau a mphunzitsi koma wonena maganizo ake. Atabwerera kwao mu 1902, Eleanor anayamba kuphunzitsa ana a anthu osauka obwera kucokera ku maiko ena, pa malo ena a pa Rivington Street mu New York, ndipo analowa bungwe limene linali kuyendera malo amene amai ndi ana anali kugwira nchito pa malipiro ocepa.

Banja, apongozi ndi matenda

Pa 17 Malichi 1905 anakwatiwa ndi a Franklin Delano Roosevelt, wacibale wa patali wa dzina limodzimodzi. Amene anaimira atate pa ukwatiwo anali Pulezidenti Theodore Roosevelt, amene kwathu kuno tikanati atate aakulu a mkwatibwi. Kuyambira 1906 mpaka 1916 Mai Eleanor anabala ana 6, ndipo mmodzi anamwalira ali wakhanda mu 1909. Nyumba imene anali kukhalamo mu New York inamangidwa ndi apongozi ao, a Sara Roosevelt, amene anamanganso yao kugundana ndi ya anawo ndi kuika zitseko zolumikiza nyumba ziwirizo. Amai amene anakhalapo pa citengwa adziwa tanthauzo lake. Apongozi anali kulowa nthawi iriyonse, kusankha mipando ndi anchito, ndi kulamula kaleredwe ka adzukulu.

Mu 1913 banjalo linasamukira ku Washington kumene a Franklin anapatsidwa udindo mu unduna woona za asilikali a pamadzi. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse Mai Eleanor anagwira nchito ndi bungwe la Red Cross, kupatsa cakudya asilikali odutsa pa sitesheni ya sitima. Nkhondo itatha anayendera cipatala ca St. Elizabeths kumene anali kusunga asilikali amene nkhondo inawasokoneza mutu. Anapeza odwala otsekeredwa, owasamalira ali ocepa. Anapita kwa nduna Franklin Lane imene cipatalaco cinali pansi pake ndi kuiumiriza kuti ifufuze, ndipo pambuyo pake ndalama za cipatalaco zinaonjezedwa. Aka kanali koyamba kuona kuti maso a munthu mmodzi angathe kusuntha boma.

Zaka zomwezo zinabweretsanso cilonda ca m'banja. Mu 1918, pomasula katundu wa amuna ao amene anabwera odwala kucokera ku Ulaya, anapeza makalata acikondi ocokera kwa Lucy Mercer, mai amene anali mlembi wao. Nkhani yothetsa ukwati inakambidwa, koma banja silinathe. Cimene cinatha ndi Eleanor wakale wongodikira pakhomo. Kucokera pamenepo anayamba kufuna nchito yakeyake.

Cakudza siciimba ng'oma. Mu Ogasiti 1921, banjalo liri pa chuthi pa cilumba ca Campobello ku Canada, a Franklin anadwala mwadzidzidzi ali ndi zaka 39, ndipo madokotala anati ndi poliyo. Katemera wa matendawa anali asanapezeke, pakuti anadzabwera mu 1955. Miyendo yonse iwiri inafa. Mai Eleanor anawasamalira usiku ndi usana, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza, mwamuna yemweyo amene anawapweteka mtima zaka 3 m'mbuyomo. Apongozi anafuna kuti mwana wao asiye ndale akapumule kumudzi ku Hyde Park. Mai Eleanor pamodzi ndi mlangizi wa amuna ao, a Louis Howe, anakana. Uku kunali koyamba kuti mpongozi wamanyazi uja aime nji pamaso pa apongozi ake.

Pofuna kuti dzina la Roosevelt lisaiwalike, a Howe anaphunzitsa Mai Eleanor kulankhula pa gulu. Anali kukhala kumbuyo kwa holo ndi kuwauza pambuyo pake zonse zimene analakwitsa. Amai a ku America anali atangolandira kumene ufulu wovota mu 1920, ndipo Mai Eleanor anayenda cigawo conse ca New York pa galimoto kukhazikitsa nthambi za amai za cipani ca Democratic, ngakhale m'midzi ya alimi imene cipanico cinalibe otsatira. Anabweretsanso kunyumba atsogoleri a mabungwe a amai apanchito, monga Rose Schneiderman, kuti amuna ao amve ndi makutu ao za moyo wa m'mafakitale.

Zaka za ku Albany

Pa masankho a 1928 a Franklin Roosevelt anapambana pa mpando wa Bwanamkubwa ndi mavoti pafupifupi 25,000 cabe pa mavoti oposa 4 miliyoni, ndipo analowa m'nyumba ya boma ku Albany pa 1 Januwale 1929. Pansi pa Bwanamkubwa panali zipatala za odwala misala, ndende, ndi sukulu za ana osamva, osaona ndi olemala. M'malo amenewa munali anthu zikwi zambiri amene sakanatha kudzilankhulira okha. A Roosevelt anafuna kuwayendera, ndipo m'nyengo yotentha iwo ndi akazi ao anali kuyenda pa boti la boma lochedwa Inspector m'ngalande zikuluzikulu za cigawoco, kwinaku akukwera galimoto kupita pa malo amodzi ndi amodzi.

Vuto linali miyendo. Bwanamkubwa anali kuima cifukwa ca zitsulo zomangidwa m'miyendo, ndipo kukwera masitepe kapena kuyenda m'mawodi aatali sakanatha. Conco iwo anali kutsala m'galimoto ndi mkulu wa pamalopo kuzungulira panja, ndipo akazi ao ndiwo anali kulowa mkati. Pa maulendo oyamba Mai Eleanor anabwera ndi lipoti losathandiza. Amuna ao atawafunsa cimene odwala anali kudya, iwo anafotokoza zimene anawerenga pa pepala la ndandanda ya zakudya. A Roosevelt anafuna kudziwa ngati anayang'ana m'miphika kuti aone ngati zimene ziri pamoto ndi zomwe ziri pa pepala. Mai Eleanor sanayang'ane. Iwo eni analemba za phunziro limeneli m'buku la moyo wao la mu 1949 lochedwa This I Remember, osabisa kuti poyamba anali mbuli pa nchitoyi.

Kucokera pamenepo anaphunzira kuyang'ana. Anali kuvundukula miphika. Anali kuona kutalikirana kwa mabedi, pakuti mabedi ogundana atanthauza kuti wodi yadzaza kupitirira muyeso. Anali kusuzumira kuseri kwa zitseko ndi m'makabati, cifukwa mabedi opindidwa ndi kubisidwa masana ndi umboni wakuti usiku anthu agona m'njira. Koposa zonse anali kuyang'ana nkhope za odwala pamene wanchito alowa, ngati amasuka kapena acita mantha, pakuti cimeneci palibe angacikonzekeretse alendo asanafike. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zimene anali kuona sizinali zazing'ono. Mu 1929 akaidi anaukira pa ndende ya Clinton ku Dannemora ndiponso kawiri pa ndende ya Auburn, ndipo anthu anafa. Zina mwa zifukwa zake zinali kudzaza kwa ndende ndi kuipa kwa cakudya. Boma la cigawo linayamba kumanga malo atsopano, ndipo ndende ya Attica inatsegulidwa mu 1931. Sitinena kuti zonsezi zinacitika cifukwa ca mai mmodzi. Tinena kuti Bwanamkubwa wosatha kuyenda anali kudziwa za mkati mwa nyumba za boma kuposa anzake ambiri a miyendo iwiri, cifukwa anali ndi munthu amene sanali kuopa kumuuza zosakondweretsa.

Pa nthawi yomweyo Mai Eleanor sanasiye nchito yao. Mu 1927 iwo ndi anzao awiri, Marion Dickerman ndi Nancy Cook, anagula sukulu ya atsikana ya Todhunter mu mzinda wa New York. Atakhala mkazi wa Bwanamkubwa anapitiriza kuphunzitsa mbiri yakale ndi mabuku masiku atatu pa sabata. Anali kukwera sitima Lamulungu madzulo, kucongera m'sitimamo nchito za ana, ndi kubwerera ku Albany Lacitatu kukalandira alendo a boma. Atsikana a pa sukuluyo anali ana a olemera, ndipo mphunzitsi wao anali kuwatenga kupita ku makhoti, ku misika ndi ku nyumba za osauka kuti naonso aphunzire kuona okha.

Alimi sanawaiwale. Kumeneko m'nyengo ya cisanu nthaka iuma gwa ndi madzi oundana, ndipo mlimi akhala miyezi wopanda colowa, monga zicitikira kwa ife m'malimwe ngati tiribe dimba. Anyamata anali kusiya minda kuthamangira ku tauni. Pa malo ao ochedwa Val-Kill pafupi ndi Hyde Park, Mai Eleanor ndi anzao anatsegula kafakitale ka mipando ndi matebulo kuti a m'midzi yozungulira aphunzire umisiri wa matabwa ndi kupezako ndalama pamene minda yagona. Kafakitaleko sikanapindule kwenikweni ndipo kanatsekedwa m'zaka za m'ma 1930. Caka ndi caka anali kupitanso ku Ithaca, ku yunivesite ya Cornell, pa sabata ya maphunziro a alimi ndi akazi ao, kumene anali kukhala pakati pa amai a kumafamu ndi kumva mabvuto ao. Ubwenzi wao ndi aphunzitsi a kumeneko, monga Flora Rose, unabala cipatso nthawi ya njala. Akatswiri a ku Cornell anakonza cakudya cochipa ca ufa wa cimanga wosakaniza ndi mkaka wouma, cochedwa Milkorno, ndipo Mai Eleanor anacipereka pa tebulo la ku White House kuti osauka asacite naco manyazi. Nzeru yake ndi yomweyo imene amai aphunzitsidwa kusikelo, yothira nsinjiro m'phala la mwana.

Njala imeneyi inabwera ndi kugwa kwa cuma kumene kunayamba mu Okutobala 1929. Mabanki anagwa, mafakitale anatsekedwa, mitengo ya zokolola inatsika, ndipo pofika 1933 pafupifupi munthu mmodzi pa anai alionse ofuna nchito ku America analibe nchito. Pa mutu wa dipatimenti ya zanchito m'cigawoco Bwanamkubwa anali ataika Mai Frances Perkins, ndipo Mai Eleanor anali mmodzi wa olimbikitsa kuti mai apatsidwe udindowo. Mai Perkins anali kusonkhanitsa ziwerengero zoona za ulova pamene ena ku Washington anali kunena kuti zinthu ziri bwino. Mu 1930 a Roosevelt anasankhidwanso, tsopano ndi mavoti oposa a mnzao ndi 725,000. Mu 1931 New York inakhazikitsa bungwe la boma lothandiza malova, loyamba ndi madola 20 miliyoni ndi loyendetsedwa ndi a Harry Hopkins, ndipo zigawo zina zinatengerako citsanzo. M'zaka zonsezi makalata a anthu ovutika anali kufika kwa mkazi wa Bwanamkubwa, ndipo iye anali kuwayankha ndi kuwapititsa ku maofesi oyenera.

Ku White House

A Roosevelt atapambana masankho a Pulezidenti mu 1932, akazi ao sanakondwere kwenikweni. Anaopa kuti adzatsekeredwa m'nyumba ya boma kulandira alendo, ndipo uphunzitsi anayeneradi kuusiya. Koma cizolowezi ca ku Albany anapita naco. M'caka coyamba cokha analandira makalata pafupifupi 300,000. Anayamba misonkhano ya atolankhani acikazi okhaokha, kotero kuti manyuzipepala anakakamizika kulemba nchito amai. Kuyambira kumapeto kwa 1935 mpaka 1962 anali kulemba nkhani yao m'manyuzipepala pafupifupi tsiku ndi tsiku, pansi pa mutu woti My Day. Mu 1935 anatsika m'mgodi wa malasha ku Ohio, ndipo mu 1943 anayenda bedi ndi bedi m'zipatala za asilikali ku zilumba za nyanja ya Pacific.

Sizonse zinayenda bwino. Mu 1933 anaona umphawi wa mabanja a okumba malasha ocotsedwa nchito ku Scotts Run m'cigawo ca West Virginia, ndipo analimbikira kuti boma liwamangire mudzi watsopano wochedwa Arthurdale, wa nyumba 165, banja lirilonse ndi munda wake. Nyumba zoyamba zinagulidwa mothamanga ndipo sizinakwane pa maziko amene anakumbidwa. Ndalama zinaonongeka zambiri, mafakitale amene anayembekezeka sanakhalitse, ndipo mabanja a anthu akuda sanaloledwe kulowamo. M'zaka za m'ma 1940 boma linagulitsa mudziwo moluza. Mabanja amene anakhalamo anapeza nyumba, sukulu ndi cakudya, koma otsutsa anapeza ndodo yomenyera mai amene palibe anamuvotera. Alimi amene anaonapo masikimu okonzedwera m'maofesi a kutali angamve msanga nkhaniyi. Kuona mabvuto ndi kwina, kudziwa mankhwala ake ndi kwinanso.

Pa nkhani ya tsankho la khungu anali patsogolo pa amuna ao. Mu 1938 pa msonkhano wina ku Birmingham m'cigawo ca Alabama, apolisi atalamula kuti azungu ndi akuda akhale mbali zosiyana, Mai Eleanor anaika mpando wao pakati pa mbali ziwirizo. Mu 1939 anaturuka m'bungwe la amai la Daughters of the American Revolution litakaniza woimba wakuda Marian Anderson kuimba m'holo yao, ndipo woimbayo anadzaimba panja pa Lincoln Memorial pa tsiku la Pasaka pamaso pa anthu 75,000. Koma analephera kukopa amuna ao kuti acirikize poyera lamulo loletsa magulu a azungu kupha anthu akuda popanda mlandu. Ndipo mu 1942, pamene boma linatsekera m'misasa anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa ku Japan, iwo anatsutsa m'nyumba koma poyera sanadzudzule. Apa ndi pamene pathera mphamvu ya mkazi wa wolamulira. Angathe kunena, koma siginecha si yake.

Namfedwa ku United Nations

A Franklin Roosevelt anamwalira pa 12 Epulo 1945 ku Warm Springs, ndipo Mai Eleanor anamva pambuyo pake kuti Lucy uja wa makalata analipo pa nthawi ya imfayo. Ali ndi zaka 60 anabwerera ku Val-Kill akuganiza kuti nchito yao yatha. Koma kumapeto kwa caka comweco Pulezidenti Harry Truman anawasankha kukhala mmodzi wa nthumwi za America ku United Nations. Pa msonkhano woyamba ku London mu 1946 anatsutsana ndi nthumwi ya Soviet Union, Andrei Vyshinsky, pa nkhani ya othawa kwao cifukwa ca nkhondo, ndipo mfundo yakuti munthu asakakamizidwe kubwerera kumene aopa ndiyo inapambana.

Pambuyo pake anakhala wapampando wa komiti imene inalemba cikalata ca ufulu wacibadwidwe wa anthu onse. Sanalembe okha. Panali René Cassin wa ku France, Charles Malik wa ku Lebanon, Peng Chun Chang wa ku China, John Humphrey wa ku Canada, ndi Hansa Mehta wa ku India amene analimbikira kuti mau a mfundo yoyamba asachule amuna okha. Nchito ya Mai Roosevelt inali kugwira msonkhano kuti usabalalike. Pa 10 Disembala 1948 ku Paris cikalataco, ca mfundo 30, cinavomerezedwa ndi maiko 48, popanda wokana, ndipo maiko 8 sanavote mbali iriyonse. Limodzi mwa asanu ndi atatuwo linali South Africa, kumene boma la tsankho linali litangolowa caka comweco. Ife pa nthawiyo tinali Northern Rhodesia ndipo tinalibe mpando. Zambia inalowa United Nations mu Disembala 1964. Lero cikalataco cinamasuliridwa m'zinenero zoposa 500, ndipo Cinyanja ciri pomwepo.

Mu 1961 Pulezidenti John Kennedy anawasankha kutsogolera komiti yofufuza za moyo wa amai ku America, koma lipoti lake sanalione. Anamwalira pa 7 Novembala 1962 mu New York ali ndi zaka 78, atadwala matenda a kucepa kwa magazi pamodzi ndi cifuwa cacikulu. Mwambo wa maliro unacitikira pa chalichi ca St. James ku Hyde Park, ndipo anaikidwa pambali pa amuna ao m'dimba la maluwa la pakhomo. Pamandapo panali Pulezidenti Kennedy ndi awiri amene analamulira iye asanalowe, a Truman ndi a Eisenhower.

Cotolapo ife

Funso limene adani ao anali kufunsa ndi loyenera, ndipo ifenso tiyenera kulifunsa kwa mkazi kapena mwamuna wa mtsogoleri aliyense. Kodi anakusankha ndani? Tonse tidziwa ngozi yake pamene wa m'nyumba ya mtsogoleri asanduka khomo lolowera ofuna nchito, malo kapena makontrakiti. Cimene cisiyanitsa Mai Roosevelt ndi njira imene katundu wao anali kuyenda. Ambiri a pa malo otere atenga mphatso kumwamba kupita nazo pansi, mabulangete ndi matumba a ufa, atolankhani ali pambuyo. Iwo anali kutenga nkhani pansi kupita nazo kumwamba. Bulangete litha, koma wodi ikaonjezedwa mabedi athandizidwa ndi amene sanabadwe.

Nchito yotere siifuna kuti munthu akhale ku Albany. M'parishi iriyonse muli amai a abusa ndi a akatekisiti, amai a Cigwirizano, a Mothers' Union ndi a magulu ena a amai, amene ayendera odwala ndi akaidi monga caputala 25 ca Mateyu cilamulira. M'mudzi uliwonse muli akazi a mafumu, a makhansala ndi a apampando a makopaletivu. Pali makomiti a sukulu, a cipatala ndi a cigayo kapena mjigo. Tonsefe tinakhalapo pa msonkhano pamene lipoti linawerengedwa, manja anaombedwa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anapempha kiyi ya sitolo kuti awerenge matumba. Ticita manyazi, tiopa kuti wanchito aganiza kuti timukayikira. Koma wanchito wokhulupirika sadana ndi wobwera kudzaona, pakuti kawirikawiri iyenso ali ndi zosowa zimene alibe womunenera kwa akuluakulu.

Tsono ulendo wotsatira mukapita kukaona odwala, ana a pa sukulu yogonera kapena nkhokwe ya kopaletivu, perekani moni mwaulemu, landirani pepala limene akupatsani, ndipo mukatero pemphani kuti akuonetseni kukhichini. Zimene mukaone mukazinene monga ziriri kwa amene ali ndi mphamvu yozikonza, osaonjezera ndiponso osacotsera. Mai Roosevelt naonso ulendo woyamba anabwera ndi pepala lokha. Ulendo waciwiri anavundukula mphika.